Chitsulo Sichigona Pansi

Piki inali yake, ndipo Wazitsulo sanakane. Akanakana bwanji pamene mpini wake unali paipi imene anawotcherera yekha? Mudzi wonse unkaidziwa piki imeneyo. Inali italowa m'makomo ambiri kuposa mwini wakeyo, poti anthu sachita manyazi kubwereka chida kwa munthu amene samukonda.

"Ndi yanga, bwana," anatero pamene Sajeni ankamulowetsa m'chitokosi. "Koma khoma sindinaligunde. Apongozi anga aja wowameta ndevu ndinali ine. Munthu ungamumete ndevu lero, mawa n'kumugwetsera nyumba?"

"Anthu amachita zoposa pamenepo," anayankha Sajeni, n'kukhoma loko.

Anayankha choncho poti ndiyo ntchito, koma mtima wake sunakhale m'malo. Sajeni anali mayi wa thupi lake, wosachedwa kupsa mtima, wosachedwanso kuchita manyazi akalakwa, ndipo ankadziwa kuti nkhani ikakoma kwambiri pamakhala wina amene waithira mchere. Iyi inali yokoma mopitirira. Dzulo lake masana, mvula itangokata, khoma lakumbuyo la nyumba yakale ya a Telala linagwera m'chipinda n'kuwaphwanya mkuluyo ali mtulo. Anthu anati tsoka silinunkha. Koma kutacha, mwana woyamba wa malemuwo, mayi amene aliyense ankawatchula Aphunzitsi ngakhale anapuma ntchito kalekale, anaitanitsa apolisi. Pakhonde lakumbuyo, pansi pa mulu wa njerwa, panali piki ya mwamuna wa mng'ono wawo, ndipo m'munsi mwa khoma lotsalalo munali mabala a piki. Theka la mudzi linali litamumvapo mwamunayo akukuwa kuti nyumba imeneyi idzapha munthu.

Galimoto ya ku likulu inali yoti ibwera mawa kudzamutenga. Akanangokwera imeneyo ndi mlandu wakupha, akanabwerako ali ndi imvi. Womumanga unyolo anali Sajeni mwini, ndipo zimenezi zinkamudya. Anatulutsa njinga yake n'kubwerera kumene anachokera.

*

Nyumbayo inali pamtunda pang'ono, yoyera, yotambalala, ya khonde lozungulira, itakhala ngati nkhuku yofungatira mazira. Anaimanga bambo amene anabereka a Telala, munthu amene anathera unyamata wake kumangira ena m'tauni, n'kubwerera kumudzi ndi chikombole chimodzi cha njerwa komanso mutu wouma. Njerwa anaumba yekha, n'kuwotcha yekha, ndipo iliyonse anaidinda chala chachikulu isanaume. Simenti sanaifune. Njerwazo anazilumikiza ndi dothi, makoma n'kuwanenepetsa mpaka mwana ankatha kugona pawindo, kenako n'kuwapaka laimu. Denga linayamba la udzu, malata anabwera pambuyo, koma mitanda inali yomwe ija, yakuda bii, yolimba moti chiswe chinachita kugwa nayo ulesi. Zitseko zinali zazifupi, poti mwini wake anali wamfupi ndipo sankaona chifukwa chomangira anthu aatali amene sanamuthandize kuponda dothi.

Koma chimene alendo ankakasimba akabwerera kwawo chinali pansi pake. Mkuluyo anasakaniza laimu ndi mchenga wa kumtsinje, n'kutsendera, n'kukulungiza ndi mwala chilimwe chathunthu, m'zipinda ndi m'khonde momwe, mpaka pansipo panawala ngati mbale. Mibadwo itatu inali itayendapo, koma chipsera panalibe.

"Njingayo isiyeni pabwalo, mayi, musaikweze pakhonde," anatero Aphunzitsi moni asanapereke.

Anali aatali, owonda, maso ouma gwa, ndipo ankalankhula ngati akulembetsa ana m'kalasi. Anamulowetsa Sajeni m'chipinda chakutsogolo mmene a Telala ankasokera. Sajeni anagunditsa mutu pachitseko, monga anachitira m'mawa. Makina osokera anali pomwepo, miyendo yake yachitsulo itaponda pa timatabwa. Pakona panali simbi yakale itakhala pa njerwa.

"Ndimayesa mwamaliza," anatero Aphunzitsi.

"Ndikufuna ndimvenso bwinobwino. Khoma likugwa, inu munali kuti?"

"Kumsika, kukagula mankhwala a bambo. Ndinawasiya atadya, atagona. Pobwera ndinapeza anthu akufukula ndi manja."

"Nanga piki munaiona liti?"

"Kutacha. Ndinapita kumbuyo kukaona chimene chatsala, ndiye ndinaona paipi itasuzumira pansi pa njerwa. Sindinakhudze. Ndikudziwa kuti umboni sakhudza."

"Alamu anuwa ankafuna nyumbayi igwe?"

"Ankafuna aigwetse, amangepo ya mabuloko, ya mawindo achitsulo a iye mwini. Ndi munthu amene chilichonse chakale amachiona ngati chikumutchinga njira. Ndinamuuza kuti ine ndili moyo, njerwa ngakhale imodzi sichoka pano. Ndinabadwira m'chipinda chimene chagwacho. Amayi anamwalirira momwemo. Ataona kuti pakamwa walephera, anatenga piki."

"Ankadziwa kuti bambo ali m'katimo?"

"Bambo anali atasiya kuyenda, mayi. Akanakhala kuti?"

Mawu sanagwedezeke ngakhale pang'ono. Manja okha ndiwo ankapota kampango, kupota, kumasula, kupotanso. Sajeni anawamvera chisoni. Munthu wasamalira kholo zaka zonsezi, kulisambitsa, kulitembenuza, n'kudzalipeza pansi pa njerwa za nyumba imene ankaikonda kuposa thupi lake. Anapempha kukaonanso kumbuyo, ndipo anapita yekha.

M'mawa uja anayang'ana piki, poti ndiyo imene anamuitanira. Tsopano anayang'ana khoma. Linali litagwera mkati lonse, n'kupinda bedi lachitsulo pakati. Anatola njerwa imodzi. Inali yolemera ndi madzi, ndipo dothi lolumikizira linalowa chala ngati matope a m'dambo. Anakanda khoma la m'mbali, lija la laimu, n'kupeza dothi lake louma, lolimba. Lakugwali lokha ndilo linali litavekedwa pulasitala wa simenti kunja kwake, ndipo pulasitalayo anali atasendeka m'zibenthu zazikuluzikulu zimene zinagona pamwamba pa mulu. Pa chibenthu china panadutsa mzere wa simenti yatsopano, wotambalala ngati chikhatho, wokhotakhota kuchoka pamwamba mpaka pansi. Wina anali ataupaka penti yoyera, koma kuyera kwake kunali kosiyana ndi kwa penti yoyambayo.

Kenako ananjuta pamene anachotsa piki. Njerwa zimene zinaiphimba anali atazisunthira pambali yekha m'mawa, koma ziwiri zinali zikadali pomwepo, zitagona bwinobwino, imodzi pamene panali mutu wa piki, ina pamene panathera paipi. M'chipinda muja, mmene khoma linagwera, pansi panali potemekatemeka. Pano anapukuta fumbi ndi dzanja, n'kupeza pakhonde pali see, popanda ngakhale kokandika.

Khoma limene linapinda bedi lachitsulo linali litabweza njerwa zochepa kunja, n'kuziika pansi mwaulemu ngati mazira.

*

Mayi wina wogulitsa tomato anali ndi benchi yake kuseri kwa mpanda, pamalo poti chilichonse cholowa ndi chotuluka kwa a Telala chinkayamba chadutsa m'maso mwake.

"Ine za eni sindilankhula, bwana, funsani aliyense. Koma poti mwandifunsa ndinu aboma, piki ija ndinaiona. Dzana m'mawa, mvula ili waa, mwamuna uja anadutsa nayo paphewa kulowera kumbuyo. Moni sanapereke. Sapereka moni ameneyo, pakamwa pake anawotchererapo."

"Munamumva akugunda khoma?"

"Dzanalo? Ayi. Ndinangomva kukumba. Dothi limamveka mwina, khoma mwina, ndakula ine. Kugunda ndinakumva dzulo."

"Khoma lisanagwe?"

"Litagwa kale. Dzuwa litapendeka, anthu atabalalika, thupi litapita kuchipatala. Gu, gu, gu, kangapo, ngati akugunda munthu wopanda mphamvu. Ndinati mwina akukhoma chitseko kuti agalu asalowe."

"Zimenezi bwanji simunandiuze m'mawa?"

"Munandifunsa? Munangodutsa ndi unyolo wanu ngati muthamangira basi."

Chinali chilungamo, ndiye Sajeni anachimeza. "Wazitsulo anali kuti nthawi imeneyo?"

"Si ndiye ananyamula apongozi akewo? Iye ndi mkazi wake anapita ndi galimoto ija, anabwerako kutada. Malaya onse magazi okhaokha. Ndisamunamizire munthu, moni sapereka koma analira ngati mwana."

"Panyumba panatsala ndani?"

Mayi wa tomato anawerama pa benchi yake. Anayamba kukonza milu imene inali yokonza kale. "Tomato wa masiku ano sachedwa kuola. Ndi mvulayi."

"Mayi."

"Ana anga onse anadutsa m'manja mwa Aphunzitsi, bwana. Wamkuluyo anali mbuli yeniyeni, anamuphunzitsa kuwerenga ndi iwo, pakhonde lomwelo, kusukulu ataweruka. Musandiike pamoto." Anasuzumira kumpanda, n'kutsitsa mawu. "Kafunseni bilidala. Anabwera kawiri kumeneko. Koyamba ndi wilibala, poyera, akuluwo ali kuchipatala chaka chatha. Kachiwiri mwezi womwe uno, yekhayekha, kachitini ka penti atakabisa m'jekete ngati waba nkhuku."

*

Sajeni anamupeza bilidalayo pamphambano akumanga golosale. Ataona yunifolomu anatsika pamakwerero mofulumira moti anadzithira simenti pansapato.

"Kunena zoona, bwana, ine ndimangochita zimene wandituma mwini nyumba."

"Sindinakufunseni kanthu."

"Ndimati mudziwiretu."

Anali bambo wa maso othawathawa, wa manja osweka ndi simenti. Sajeni anakhala pa mulu wa mabuloko, n'kungomuyang'ana. Ankadziwa kuti anthu ena ukawafunsa amatseka pakamwa, koma ukangokhala chete amadzifunsa okha n'kudziyankha okha.

"Kunena zoona, pulasitala uja ndinaika ndine. Khoma lakumbuyo lija ndi limene mvula imalikwapula, ndiye chaka chilichonse linkafuna laimu watsopano. Kale ankapaka akuluwo. Atadwala, ankapaka Aphunzitsi okha, pamakwerero, ukalamba umenewo. Anatopa. Anati ndiliveke simenti kamodzi n'kamodzi, bambo awo akatuluka m'chipatala adzapeze nyumba ikuwala."

"Inu munati chiyani?"

"Ndinati khoma lomangira dothi limamwa madzi pansi, n'kuwatulutsa kudzera mu laimu. Ukaliveka simenti, madzi amalowa koma potulukira palibe. Limaolera mkati, kunja likuoneka bwino."

"Ndiye munaikabe."

"Ndinawauza kamodzi, bwana. Munthu amene anakuphunzitsa kugwira pensulo sumuuza kawiri."

"Nanga penti ya m'jekete?"

Bilidala anayang'ana kumsewu ngati akuyeza kutalika kwake. Kenako mapewa anagwa. "Anandiitana mvula itayamba. Panali mng'alu, kuchoka kudenga mpaka pansi, woti dzanja n'kulowa. Ndinati, Aphunzitsi, atulutseni akuluwo m'chipindamo lero lomwe, khomali tiliphwasule timangenso. Anati mlamu wawo akangouona mng'aluwo, nyumba yonse yapita, ndipo mng'ono wawo akhala mbali ya mwamuna wake. Anati tseka, upake penti, mvula ikatha tiona chochita. Akuluwo ndiwasamutsa mawa."

"Ndipo munatseka."

"Kunena zoona…" Anaima. "Ndinatseka. Chigwereni khomalo chakudya sichikulowa, bwana."

Sajeni anafuna kumuwomba mbama, ndipo akanakhala mlongo wake akanamuwombadi. Munthu ali m'chitokosi, uyu ali pamakwerero kudikira kuti njala imuweruze. Anamuuza kuti asayerekeze kuchoka m'mudzimo, n'kukwera njinga.

Panjira anaisinkhasinkha nkhaniyo, ndipo sinamukomere. Tsopano ankadziwa chimene chinagwetsa khoma. Koma a ku likulu akanafunsa chinthu chimodzi: piki ndi ya ndani? Mayi wa tomato anamva kugunda koma sanaone wogunda, ndipo pamaso pa Aphunzitsi akanayambanso za tomato woola. Bilidala akanasintha zoona zake kutacha. Mbali inayi kunali mayi amene anaphunzitsa mudzi wonse, wofedwa, wosagwidwapo ndi bodza. Paja khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

*

Kumene Wazitsulo ankagwirira ntchito kunali kuseri kwa nyumba yake, pansi pa shedi ya malata. Zitsulo zinali mbwee pansi paliponse: mapaipi, mafelemu a mawindo, hamala apa, sipanala apo, moti Sajeni anachita kusankha popondetsa phazi. Mkazi wake anali atakhala pa tayala lakale, maso otupa. Dzulo anataya bambo, lero mwamuna, ndipo wokamuneneza kupolisi anali mkulu wake wobadwa naye bere limodzi.

"Mwabwera kudzatenganso ndani?" anafunsa, osadzuka.

"Ndabwera kudzafunsa zimene ndikanafunsa m'mawa. Amuna anu anapita ndi piki kukatani?"

"Anatumidwa ndi bambo. Madzi a padenga ankaima kuseri kwa khonde, bambo ankawamva ali pabedi. Anati, mwana wanga, kakumbe ngalande madziwo azipita. Anakumba mvula ikumukwapula. Piki anaisiya m'khitchini yakunja kuti akamalize ikakata. Ngalandeyo ilipo, mukanayang'ana mukanaiona."

"Anthu akuti ankanena kuti nyumbayo idzapha munthu."

"Ankanenadi. Kunali kuopa, bwana, sikunali kuopseza. Koma iye salankhula, amakuwa, ndiye chilichonse chimamveka ngati ndewu. Ndi asisi akhala ngati mphaka ndi galu chikwatirire ine. Ndinkamuuza kuti wakwatira kwa mphenzi, asamaope kung'anima." Anaseka pang'ono, kusekako n'kusanduka kulira. "Bambo ankamukonda. Ankati ndi munthu yekhayo amene amawameta osawadula."

"Za simenti ija bambo anati chiyani?"

"Atatuluka m'chipatala tinawanyamula kukaona. Analigogoda khomalo ndi ndodo, n'kunena kuti, mwalitseka mphuno. Basi. Sanawalankhulenso asisi mpaka sabata inatha. Asisi zinawapweteka kwambiri, poti anachitira iwo."

Anaona manja a Sajeni ali matope okhaokha, ulemu wa panyumba n'kumudzutsa. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi ndowa yachitsulo ya madzi. Atafika pamene panali Sajeni, phazi lake linakoka njerwa imene inali pambali, ndipo anaikhazika ndowayo pamwamba pake. Sanayang'ane n'komwe. Pansi pa shediyo panali dothi wamba, lodzaza mafuta ndi dzimbiri.

"Njerwayo ndi ya chiyani?" anafunsa Sajeni.

Mayiyo anayang'ana pansi ngati akuiona koyamba. "Ndi zakwathu izi. Kwathu chitsulo sichigona pansi. Lamulo la agogo, poti dzimbiri likadontha pa laimu silichoka, komanso chitsulo chimabenthula. Ukasiya mpeni pansi, ndodo inkafika iwe usanawerame n'komwe kuti uutole. Ine ndi asisi timangochita osaganiza. Amuna angawa amandiseka. Iwo bambo anawalephera, amaponya hamala paliponse ngati akuponyera galu fupa."

Sajeni anaiwala kusamba m'manja. Anaona njerwa ziwiri zija pakhonde, imodzi kumutu, ina kumapeto kwa paipi. Piki wamba ikanafuna njerwa imodzi, poti mpini umakhala wamtengo. Ya Wazitsulo inali chitsulo mbali zonse.

"Valani nsapato, mayi," anatero. "Tipite kwanu. Koma tidzere kupolisi, pali chimene ndikufuna nditenge."

*

Dzuwa linali litapendeka pamene anafika. Anawapeza Aphunzitsi kumbuyo akusesa khonde, tsache likulambalala njerwa zija mosamala. Ataona mng'ono wawo nkhope inawauma.

"Wabwera kudzamupepesera?"

"Ndabwera kwathu, asisi."

Sajeni anali ndi piki paphewa. Anatulutsa foni m'thumba, n'kuwapatsa Aphunzitsi pikiyo ngati akuwapatsa chikwama. "Tandigwirirani pang'ono, ndijambule mabalawa. A ku likulu amafuna zithunzi."

Aphunzitsi anasiya tsache n'kuilandira. Sajeni ananjuta pa khoma lotsala lija, n'kujambula mabala a piki, limodzilimodzi, mosafulumira. Anali osaya, ena otsetsereka, a munthu amene piki inkamulemera. Anajambula ngalande imene inadutsa kuseri kwa khonde, madzi akuyendamo. Ankadziwa kuti ngati zimenezi zikanika, mawa akweza munthu wosalakwa m'galimoto ndi manja ake omwe. Kumbuyo kwake ankamva Aphunzitsi akusintha piki kuchoka dzanja ili kupita linali.

Kenako analowa pa mulu, n'kugwira chibenthu cha mzere wa penti chija. "Ichi chikundilemera. Iikeni pansi pikiyo, Aphunzitsi, mudzandithandize kuchitembenuza."

Maso a Aphunzitsi anali pa chibenthucho, ndipo sanachokepo. Phazi lawo lokha ndilo linayenda. Linakoka njerwa imodzi, iwo n'kuwerama, n'kutsamiritsapo mutu wa piki. Linakoka yachiwiri, n'kugonekapo paipi. Chitsulo sichinakhudze pansi. Anaweramuka, n'kupukuta manja pa diresi.

Sajeni anasiya chibenthu chija. "M'mawa uja ndinaipeza chonchi," anatero motsitsa. "Njerwa kumutu, njerwa kumapeto, mulu pamwamba, pansi popanda kokandika. Khoma silisankha poika njerwa. Alamu anunso sasankha, ndakaona kumene amagwirira ntchito. Ndipo pamene mabala awa ankatemedwa, iwo anali kuchipatala ndi thupi la bambo anu."

Mng'ono uja ankayang'ana piki, kenako mkulu wake, kenako pikinso. Iye sanafune kufotokozeredwa. Anakulira pa ndodo yomweyo.

"Asisi," anatero.

Aphunzitsi anayang'ana pansi, n'kuona chimene phazi lawo lachita. Anayesa kuimika mutu monga mwa masiku onse, koma unakana. Anakhala pansi pakhondepo pang'onopang'ono, msana utatsamira mzati, ndipo pamene analankhula, mawu a m'kalasi aja anali atatha.

"Simenti ija ndinawaikira bambo. Ndinkafuna abwere adzapeze nyumba yokongola, aziti mwana wanga waisamala. Anati ndalitseka mphuno. Mng'alu utabwera ndinadziwa kuti ananena zoona, koma ndikanauonetsa ndani? Mwamuna wako akanabwera ndi hamala tsiku lomwelo. Nyumba ya agogo, chifukwa cha ine." Anapota kampango kaja. "Dzulo anthu atapita ndinabwera kuno, ndinaona mzere uwo uli poyera. Ndinati iwe ukangouona udziwa kuti bambo ndawapha ndine. Iwe wekha ndiye wanditsalira. Piki inali m'khitchini. Ndinaitenga."

"Munamuona akuwanyamula," anatero mng'onoyo. "Munaona malaya ake."

"Ndinaona."

"Galimoto ikubwera kudzamutenga. Mukanamusiya apite?"

"Ndinkati ndinena."

"Liti?"

"Mawa."

Liwulo litatuluka, Aphunzitsi analimva okha. Anatembenukira kuchipinda chopanda khoma, ku bedi lopindika, ndipo misozi imene inakana kubwera chigwereni nyumba inabwera tsopano, yambiri, yopanda phokoso.

"Bambonso ndinkati ndiwasamutsa mawa," anatero.

Sajeni anali atagwirapo akuba mbuzi, akuba malata, ndi amuna omenya akazi, ndipo nthawi zonse mlandu ukatheka ankamva kupepuka. Lero sanamve chilichonse chotero. Anangomva chisoni, ndi manyazi a unyolo wa m'mawa uja.

Mng'onoyo anawerama n'kunyamula piki ya mwamuna wake ndi manja awiri. Sajeni anasuntha kuti amugwire, koma mayiyo sanaloze munthu. Anaikweza kufika m'chiuno, n'kungotsegula manja. Chitsulo chinalira pakhonde, kuliraku n'kuzungulira nyumba yonse. Pamene chinagwera panabenthuka, timiyala toyera n'kumwazika mpaka kumapazi kwa Aphunzitsi.

Aphunzitsi anagwada n'kuyamba kutola timiyalato, kamodzikamodzi, kuyesa kutibwezera pamalo pake. Sitinalowe.

"A Sajeni," anatero mng'onoyo, osayang'ananso kumbuyo, "tiyeni mukanditsekulire amuna anga. Bambo sangapite ndi ndevu zimene zija, ndipo wowameta ndi iwo."

Sajeni anawadikira Aphunzitsi mpaka anasiya kutola, kenako anawagwira dzanja n'kuwadzutsa.